Mawu anga pa ma slide



Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ambirife tinkatumizira ana manotsi pa WhatsApp. Ine ndinaona kuti a Fomu 4 ankangokopera m'makope osamva kanthu. Chithunzi cha mtima mu Biology chimafuna munthu wonena kuti magazi akuchoka apa, akulowa apa. Ndiye ndinayamba kujambula mawu anga pamodzi ndi ma slide a PowerPoint, ndipo mpaka lero sindinasiye.

Ntchito yake ndi yosavuta. Pitani pa Slide Show, musankhe Record, n'kuyamba kulankhula ngati muli m'kalasi. Kompyuta imasunga mawu a slide iliyonse paokha, choncho lilime likaterereka pa slide yachisanu, mumangobwereza yomweyo. Posintha slide muzikhala kaye chete, chifukwa zolankhula pa nthawi imeneyo sizijambulidwa. Mukamaliza pitani pa File, kenako Export, mupange vidiyo. Sankhani 480p kuti isadye bandulo ya ana.

Kuno ku Chibavi ndimajambula m'bandakucha, mawailesi a anansi asanatsegulidwe. Mvula ya ku Mzuzu ikayamba kugunda malata, ndimangotseka laputopu n'kudikira. Kachingwe ka m'makutu kogwiritsa ntchito pa foni kamakwanira kukhala maikolofoni. Phunziro lililonse ndimayesetsa kuti lisapitirire mphindi 10.

Chimene ndimakondera njirayi ndi chakuti ma slide amakhala m'Chingerezi, monga amafunsira a MANEB, koma pamene pavuta ndimaponyapo Chitumbuka kapena Chichewa. Mwana amene amachita manyazi kufunsa m'kalasi amatha kundibwereza kasanu, ine osatopa. Amene wajomba chifukwa chodwazika mayi ake kuchipatala amapeza phunziro likumudikira.

Vuto ndi lakuti si mwana aliyense ali ndi foni. Tikapanda kusamala, njirayi ingothandiza okhawo amene ali nazo kale. Ine ndimawaika m'magulu a anthu anayi kapena asanu oyandikana nyumba. Mmodzi amatsitsa vidiyo, enawo amalandira pa Bluetooth kwaulere kapena amaonera limodzi, ndipo m'kalasi ndimayamba kufunsa amene alibe foni.

Mayeso a MSCE asanafike, yesani mutu umodzi wokha umene umawavuta ana anu. Tikakumana mudzandiuze mmene zayendera.