Pamene ndege zinkatera pamadzi ku Cape Maclear

Ife a ku Chembe tinaona ndege tisanaone msewu wabwino. Mu 1949 kampani ya BOAC inayamba kuimitsa ndege zake kwathu kuno pa ulendo wochokera ku Southampton, ku Mangalande, kupita ku Joni. Zinali ndege za injini zinayi, zotera pamadzi, ndipo phokoso lake linkafika ndegeyo isanaoneke. Ikagunda nyanja madzi ankagawikana pakati, mafunde n'kudzamenya mabwato athu pagombe. Amayi ankasiya mbale zili pamchenga, ife ana tili liwiro la mtondo wadooka kukaonerera.

Kaboti kankapita kukatenga alendo n'kuwatula pa hotela imene inali itangomangidwa kumene chakumapeto kwa gombe, kufupi ndi manda a amishoni. Malowo anali ndi mbiri kale. Ndi pomwe a mishoni ya Livingstonia anakhazikika mu 1875, malungo n'kuwasamutsira ku Bandawe mu 1881. Akuluakulu ankadabwa kuti azungu abwereranso pamalo pomwe anzawo anathawa.

Ine hotelayo ndinkaidziwira kukhomo la kukhitchini. Bambo akavuula chambo kapena kampango, ankasankha zikuluzikulu, n'kuzitunga pa luzi, ine n'kunyamula. Wophika ankatsegula makha a nsomba iliyonse ndi chala kuti aone ngati ali ofiira, akakhutira n'kundiwerengera makobidi m'manja. Ena ankapita ndi mazira, nkhuku ndi nkhuni. Ndalama imeneyo inathandiza mabanja ambiri kukhoma msonkho. Chimene sitinkamvetsa ndi choti anthu achoke kutali chotero kudzangogona padzuwa, pomwe ife dzuwa likaswa mtengo tinkathawira pansi pa mlambe.

Sizinakhalitse. Mu 1950 BOAC inasiya ndege zapamadzi n'kuyamba kudalira zotera pamtunda, ndipo chigamulo chopangidwa ku London chinaumitsa hotela ija ya kuno ku Mangochi. Wobwera pagalimoto ankayenera kulimbana ndi msewu wam'mapiri wochokera ku Monkey Bay, womwe nthawi ya dzinja unali wosadutsika. Posapita nthawi zitseko zinatsekedwa, ife n'kubwerera ku usipa wathu.

Alendo anadzabweranso patapita zaka, koma ena ndithu: anyamata ndi atsikana a zikwama kumsana, okwera matola, ogona m'nyumba zamaudzu za anthu a m'mudzi mommuno. Kwa ine amenewa ndiwo anasiya ndalama m'manja mwa eni dera, chifukwa ankadya nsima yathu ndi kukwera mabwato athu. Mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park pofuna kuteteza mbuna, tinsomba tam'miyala tija, ndipo mu 1984 UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Lero adzukulu athu amatengera alendo ku Thumbi, kuimba likhweru ndi kuponya nsomba m'madzi kuti nkhwazi itsike.

Zimenezo ndimakondwera nazo. Chimandiwawa ndi gombe. Kale munthu unkayenda kuchoka kumapeto mpaka kumapeto ukulambalala makoka oyanikidwa ndi mathandala a usipa. Tsopano maloji andanda m'mbali mwa madzi, ndipo asodzi apanikizana mbali imodzi ya mudzi, pomwe bwato lobwera mochedwa limasowa pokocheza.