Layini ya amayi inali m'dzina langa

Foni ya amayi inatayika mu Meyi chaka chatha, pa lole yochokera ku Chinkhoma. Anapita kukaona mabelo awo a fodya akugulitsidwa ku okushoni, pobwerera ku Santhe anthu anathithikana, ndipo atafika pakhomo anapeza mfundo ya nsalu yomwe amamangamo foni ili yomasuka. Kafoni ka mabatani, kong'aluka galasi, palibe akanakalira. Koma mu layini imeneyo munali K380,000 yochokera pa mabelo oyamba: malipiro a anyamata omwe anathandiza kusoka ndi kudinda fodya, ndi fizi ya mlongo wanga.

Kutacha anakwera kabaza, kenako minibasi mpaka pa boma pa Kasungu, chiphaso cha unzika chili m'manja. Mtsikana wa pa kauntala anayang'ana pa kompyuta n'kunena mwaulemu kuti, “Mayi, layini imeneyi si yanu.”

Anandiimbira pa foni yobwereka. “Iwe, akuti nambala yanga ndi yako. Zayamba liti zimenezi?”

Zinayamba mu 2018. Lamulo la Communications Act la 2016 linalamula kuti layini iliyonse ilembetsedwe, ndipo bungwe la MACRA linaika pa 30 Sepitembala 2018 ngati tsiku lomaliza. Osalembetsa, layini idulidwa. Nthawi imeneyo chiphaso cha amayi chinali chisanafike, pomwe changa ndinali nditangolandira, ndili Fomu 3, ndikuchionetsa kwa aliyense ngati satifiketi. Pa mzere wa kwa ajenti tsiku limenelo sindinali ndekha wobwereketsa dzina. Mnyamata mmodzi wokhala ndi chiphaso amalembetsera agogo, aneba, ngakhale matenanti a pa esiteti omwe makadi awo anali kwawo ku Mulanje ndi ku Thyolo. Tinkaona ngati tikuthandizana, ndipo kunena zoona tinkathandizanadi.

Chimene chimandichititsa manyazi n'chakuti ine ndi mmodzi mwa aja timalalata pa Facebook. Ukabwera uthenga uja wakuti “ndalama ija mutumize pa nambala iyi”, ndimalemba msanga: tinalembetseranji malayini ngati akuba sakugwidwa? Sindinaganizepo kuti wapolisi akatsata nambala amakafika pa dzina lolembedwa, osati pa munthu wogwira foni. Layini ya amayi ikanagwera wakuba n'kuyamba kubera anthu, wogogoderedwa chitseko ndikanakhala ine, ku Ndirande.

Ndinapempha masiku awiri kuntchito, abwana akuyang'ana kumbali. Ulendo wonse kuchoka ku Blantyre mtima unali m'mwamba chifukwa cha nambala yachinsinsi. Ndinaisankha ndine, ndipo inali yoti ngakhale mwana wa Sitandade 2 atha kulota. Kumudzi nako anyamata aganyu anali atayamba kubwera m'mawa uliwonse, kukhala pansi pa chigafa osalankhula kanthu. Amayi amati bola munthu wotukwana kusiyana ndi wokhala chete pakhomo pako.

Pa kauntala sipanavute. Anandifananiza ndi chithunzi cha mwana woonda wa pa chiphaso, anatipatsa simu ina, tinalemba fomu yosintha umwini. Ndalama zinalimo zonse. Amayi sanasangalale msanga. Anauza mtsikana uja kuti awerenge dzina lomwe latuluka pa kompyuta, mokweza, kawiri. Zaka zonsezi akhala akulandira ndalama pa nambala imeneyi, anthu otumiza akuona dzina la mwamuna n'kumafunsa ngati sanalakwitse. Ine ndinkangoti n'zazing'ono.

Ulendowo unandidyera pafupifupi theka la malipiro anga a mwezi. Lamulolo sindikulida. Kungoti linapangidwa ngati kuti aliyense anali ndi chiphaso m'thumba tsiku lomwelo, ndipo ife a kuminda tinalizungulira m'njira yomwe tinkaidziwa.

Tikudikira minibasi pa depoti, amayi akudya chinangwa chootcha, anandigwira mkono.

“Nanga ya azakhali ako ija, unalembetsanso ndiwe, eti?”

Ndinawerenga pa zala. Azakhali, agogo aamuna omwe anatisiya mu 2021, ndi bambo wina wa ku Phalombe yemwe anagwira utenanti chaka chimodzi n'kubwerera kwawo. Dzina lake ndaliiwala.