Mapazi Nawo Amayendetsa Ndege

Kwathu ndi ku Kasungu, kumene ukakwera pa chulu umaona kutali mpaka maso kutopa: zigafa za fodya, mizere ya bulugama, ndi phiri la Kasungu litaima lokha pakati pa chigwa. Ife awiri ndife mapasa, ndipo matenda okonda ndege anatigwira tsiku limodzi. Mu June 2017, boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula malo oyesera tindege topanda munthu mkati pa bwalo la ndege la Kasungu, tololedwa kuuluka makilomita 40 mbali zonse. Tinali tidakali ku pulayimale. Kuyambira pamenepo, chilichonse chikalira kumwamba makasu ankayamba aima.

Titafika kuno ku koleji, mnzathu wina anatiikira FlightGear pa laputopu yathu yakale. Ndi pulogalamu yaulere yoyeserera kuyendetsa ndege. Pa tchuthi tinapita nayo kumudzi, ndipo madzulo aliwonse, batire la sola likalola, tinkanyamuka ndi Cessna 172 pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi. Tinkaiyendetsa ndi kapadi kosewerera mpira wa pa kompyuta. Tinkatera bwino ndithu, mpaka kumatchulana akaputeni.

Tsiku lina tinazindikira kuti m'pulogalamumo munali potchera pena pamene pankatipondera chiwongolero cha kumchira ife osadziwa. Tinazimitsa. Titangoonjezera moto kuti tinyamuke, ndege inakhotera kumanzere n'kukalowa m'maudzu. Tinayesanso kasanu, kasanu konse m'maudzu. Ukaputeni wathu wonse unali wobwereka.

Apa m'pamene tinayamba kuwerenga. Manja a woyendetsa ndege amapendeketsa mapiko ndi kukweza kapena kutsitsa mphuno. Koma kulozetsa mphuno kumanzere kapena kumanja ndi ntchito ya mapazi, kudzera pa zopondera ziwiri zolumikizidwa ku chiwongolero cha kumchira. Injini ya Cessna ikalira mwamphamvu, mphepo yochoka ku chopukusa chakutsogolo imazungulira thupi la ndege n'kukamenya mchira mbali ya kumanzere, mphuno n'kuthawira kumanzere komweko. Ndiye ponyamuka phazi lamanja liyenera kupanikiza. Pokhota, mphuno imayamba yakana, kulozera kosiyana ndi kumene ukupita, ndipo phazi ndi limene limaibweza. Kutsogolo kuli kampira kakuda m'kagalasi: kakathawira kumanja, ponda kumanja mpaka kabwerere pakati. Ndege ikakhala pansi, zopondera zomwezo zimakhotetsa tayala lakutsogolo, ndipo nsonga zake ndi mabuleki.

Tinaganiza zogula zopondera zenizeni. Tinafufuza za Thrustmaster ndi za Logitech, n'kuphunzira zoyang'ana posankha. Zina zimayeza kuponda kwako ndi kachipangizo kokhulana mkati, konga kokwezera mawu pa wailesi, kamene kamatha ndi nthawi ndiponso sikagwirizana ndi fumbi. Zina zimayeza ndi maginito, popanda chokhudzana, koma mtengo wake ndi wina. Uyeneranso kuona ngati zili ndi mabuleki a kuzala, ngati mapazi amatalikirana bwino, ngati sizitsetsereka pansi, komanso ngati zimabwerera pakati mofatsa ukachotsa phazi. Zonsezi tinaziloweza ngati vesi la pamtima. Chotsala chinali ndalama. Kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinali chitakwera kumwamba kuposa ndege zathuzo.

Bambo athu anasiya fodya chaka chimene anabatizidwa. Anzawo akamakweza mabelo kupita ku okushoni ya Chinkhoma, iwo amakhala akupepeta soya ndi kusenda mtedza. Ndalama ya pakhomo pathu imawerengedwa kawiri isanatuluke. Komabe tinapita kukakhala pansi pamaso pawo n'kunena kuti, "Bambo, pali chipangizo cha kompyuta chimene chikufunika pa maphunziro athu." Tinasankha mawuwo mosamala kuti lisamveke bodza lenileni. Iwo sanafunse zambiri. Analowa m'nyumba, natuluka ndi ndalama zimene tonse tinkadziwa kuti anasungira feteleza wa chimanga.

Wachibale wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg anati atibweretsera zoponderazo akamabwera, koma panali milungu ingapo yodikira. Mtima sunatilole kukhala chete. Tinakumbutsana kuti William Kamkwamba, amene anapanga magetsi a mphepo ndi zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo ake, ndi wa kwa Wimbe, m'boma lathu lomweli. Tinawerenganso kuti ndege zambiri zakale zinalibe zopondera ziwiri, koma mtanda umodzi wozungulira pakati, phazi uku phazi uku. Kuseri kwa nyumba kunali mitengo ya chigafa chakale cha bambo, chimene chinagwa chokha atasiya fodya. Tinatengapo thabwa, pakati pake tinamangirira habu ya njinga, uku ndi uku tinakoka malegeni kuti lizibwerera pakati. Tinabwereka kabolodi ka Arduino Leonardo, kamene kompyuta imakalandira ngati chosewerera, n'kuzula chokwezera mawu pa wailesi yakufa.

Chinatipusitsa ndi chokwezera mawucho. Cha pa wailesi sichiwerenga mofanana: mbali ina chimakwera pang'onopang'ono, mbali ina chimalumpha. Thabwa likakhala pakati, kompyuta inkaona ngati taponda kale. Tinakagula china chowerenga mofanana mbali zonse, ndalama yake yosafika ya nkhuku. Kenako thabwa linkathawa pa simenti, mpaka tinalitsamiritsa ku khoma ndi njerwa ziwiri. Chinagwira ntchito. Koma kuuluka kwake kunali kwa munthu woledzera. Tinatchera mphepo yowomba cham'mbali, yonga mwera wa mu July, ndipo ndege inkayenda njoka pa msewu wa bwalo: tikaponda kumanja yapitirira, tikabwezera kumanzere yapitiriranso.

Lachinayi lina madzulo bambo anaima pakhomo kutiyang'ana. Patapita nthawi anati, "Tasunthani, ana inu." Anavula nsapato, nakhala pa mpando. Ife tinagwira za manja, iwo mapazi. Ulendo woyamba analowa m'maudzu, naseka. Wachitatu ndege inayenda pa mzere woyera mpaka kunyamuka. Mapazi awo ankangogwedera pang'ono, osaoneka n'komwe.

"Bambo, mwatha bwanji?"

"Inu mukulimbana nayo. Ng'ombe za pa ngolo ukadikira kuti zilowe m'munda mwa eni ndiye uzikoke, ngolo imagwa. Umazibweza zikangoyamba kuganiza zokhota. Komanso musayang'ane pamphuno, yang'anani kumene msewu ukuthera."

Atavala nsapato anafunsa, "Nanga chipangizo cha sukulu chija ndi chimenechi?" Tinati ayi, chikubwera. Anangoti, "Chabwino," natuluka.

Usiku umenewo tulo sitinatione. Yakobo, m'chaputala 3 cha kalata yake, amakamba za tsigiro, kachiwongolero kakang'ono kamene kamatembenuza chombo chachikulu, ndipo amakafanizira ndi lilime. Lembali tinaliphunzira kalekale ku Pathfinder, koma tinali tisanalimvepo ndi mapazi. Mawu athu aja anali okhota pang'ono chabe. Koma tinali titaona pa laputopu kumene kukhota pang'ono kumathera ukakulekerera: feteleza akanachepa, chimanga chikanachepa, ndipo tikanafunika bodza lachiwiri lophimbira loyamba zoponderazo zikafika.

Lachisanu, dzuwa lisanalowe, tisanayambe nyimbo zotsegulira Sabata, tinaika ndalama zija pa mphasa n'kunena zonse. Mayi anatiyang'ana nthawi yaitali osayankhula, ndipo kumeneko kunawawa kuposa kukalipa. Bambo anawerenga ndalamazo, naziika m'thumba, nati, "Ndinadziwa tsiku lomwe lija. Ndimafuna ndione ngati mubwerere nokha pa mzere." Sabata litatha tinatumiza uthenga ku Johannesburg kuti asagule.

Tikudziwa kuti thabwa lathu silipereka laisensi. Pa mpando wa kumudzi thupi silimva ndege ikamatsetsereka cham'mbali, ndipo chiphaso chimafuna maola a m'ndege yeniyeni ndi mphunzitsi pambali. Mabuleki a kuzala tilibe, timaimika ndege ndi batani. Mwina tsiku lina tidzagula zopondera za maginito zija ndi ndalama ya thukuta lathu. Amene mukufuna kuyamba, malangizo athu ndi awa: zimitsani kaye chokuponderani chija kuti muone pamene mulidi, tcherani mphepo ya m'mbali, ndipo pondani msanga koma pang'ono.

Thabwalo tabwera nalo kuno ku hositelo, lili pansi pa bedi. Malegeni amamasuka kukatentha, ndiye Lamlungu lililonse timayamba tawakunganso, kuona ngati pakati pakadali pakati.