Musadikire maliro kuti muyende

Inu amene mwangolowa kumene m'banja, komanso inu amene muli ndi ana a kumsana, ndikufunseni: ulendo womaliza umene mudayenda popanda matenda, popanda maliro, popanda kukapikula katundu wa geni, udali liti? Ambiri mukakumbukira bwino mupeza kuti mudali mukadali pasukulu. Munkadzazana mu lole ya mpira kapena ya kwaya, kuimba mpaka mawu kusasa. Lero mukamva kuti pali ulendo, mtima umayamba wagunda kuti watisiya ndani.

Ifenso sukulu ndiyo inkatiyendetsa. Tikuphunzira unamwino ku Kamuzu College of Nursing m'zaka za m'ma 1980, tinkapezeka ku Lilongwe, kenako ku Queens ku Blantyre, kenako kuchipatala cha matenda a m'maganizo ku Zomba. Titalandira madipuloma n'kukwatiwa, anzanga ambiri adathera pomwepo, kuchoka kuwodi kupita kumphika basi.

Chimene chinkandiwawa kwambiri pantchito ndi ichi. Amayi ambiri amene ndinkawaperekeza pa ambulansi kupita ku Central, kadali koyamba kufika mu Lilongwe. Mzindawo ankauona atagona chagada, botolo la diripi likulendewera. Amuna awo, eetu, ankaudziwa bwino ndithu, nanga si amapitako kukagulitsa kachewere.

Mukuti ndalama palibe, ndipo sindikutsutsani, mtengo wa feteleza ndikuudziwa. Koma tiyambe ndi pafupi. Ife a kuno ku Chimbiya timadzuka tikuona mapiri, timakhala m'mbali mwa msewu wa M1, timapenya mabasi a ku Blantyre akudutsa tsiku lonse. Nanga ndi angati mwa ife adapondako ku Chongoni? M'mapanga a kumeneko muli malo 127 a zojambula pa miyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Zofiira adajambula ndi Akafula, zoyera ndi makolo athu Achewa, zina zokhudza chinamwali, zina za Nyau. Alendo amachoka ku Ulaya pandege kudzaona zimenezi, pamene mwana wanu amangozimva m'kalasi, kuloweza kuti akhoze mayeso. Phanga la Chentcherere lili kufupi ndi koleji ya zankhalango, mutha kupita m'mawa n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Kamba wake ndi mbatata yophika ndi thobwa m'chigubu. Zogula panjira ndi zimene zimatha ndalama.

Chaka chinacho talikitsani pang'ono. Kupitirira Dedza boma, pa Masasa, pali msewu wotsetsereka wopita ku Golomoti. Ukamatsika Khwekhwelere kutacha bwino, nyanja imaoneka patali ikunyezimira, makutu n'kumatseka, juzi imene unavala kumtunda n'kuyamba kukulemera. Kumunsiko kuli Mua, mishoni ya mu 1902, kumene bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni mu 1976. M'nyumba ya Chamare muli zigoba za Gule Wamkulu ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Kuchokera pa Golomoti pomwepo palinso msewu wolunjika ku Monkey Bay.

Ndalama ya ulendo isamakhale yotsala, chifukwa m'banja simutsala kanthu. Ipatuleni monga mupatulira ya mbewu. Kwathu tinkati tikakumba kachewere, thumba limodzi ndi la ulendo, ndipo ngakhale alamu abwere ndi nkhani yotani, silikhudzidwa. Amene muli mu banki m'khonde, gwirizanani mabanja anayi kapena asanu kuti pogawana mupatule ya minibasi imodzi. Amayi a Mvano ndi a kwaya amatha kutero chaka ndi chaka, nanga banja lilephere bwanji?

Abambo, mawu awa ndi anu. Mukapita kunyanja ndi anzanu a ku mpira, mayi n'kutsala akuyang'anira mbuzi, musati banja layenda. Pezani wosunga pakhomo kwa masiku awiri. Pali nkhani zina zimene mwamuna ndi mkazi sangazikambe pakhomo, apongozi ali pakhonde, ana akulirira ndiwo, koma zimatuluka zokha mukakhala mpando umodzi m'basi.

Tsono poti unamwino sutha, mundilole ndiwonjezere. Ife a kumapiri kozizira malungo a kunyanja amatigwetsa msanga, makamaka ana ndi amayi oyembekezera. Tengani neti, musadalire ya kumalo ogona. Mabuku a kuchipatala a ana alowe m'chikwama limodzi ndi zovala. Ana asasambe m'madzi odekha a m'mabango, mumakhala nkhono za likodzo, ndipo madzi akumwa tengani anu kapena thirani mankhwala. Mwana akatentha thupi mutabwerako, ngakhale patapita sabata ziwiri, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo muwauze adokotala kuti munali kunyanja.