Zipika zisanu zakuseri kwa nyumba

Agogo anga ankalima bowa wa shiitake ngati wotchova njuga. Ankagwetsa mitengo ya kunugi m'mapiri a kuno ku Oita, ku Japan, n'kutematema zipikazo ndi chikwanje, basi n'kudikira kuti mphepo ibweretse fumbi la mbewu ya bowa. Chipika china chinkabereka, zinzake n'kungowola. Njugayo inatha Mori Kisaku atatulukira, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, njira yokhomera m'chipika tizikhomo tamtengo tokhala kale ndi ulusi woyera wa bowa.

Ine ndimadula mitengo mu Novembala masamba akayamba kusintha mtundu. Cha mu Febuluwale kapena Malichi ndimaboola zipika n'kukhoma tizikhomo ndi nyundo, kenaka kudikira nyengo zotentha ziwiri. Tizikhomoto ndimagula. N'todalirika, sindingatinyoze, ana anga anapita kusukulu ndi ndalama za bowa wa donko, wonenepa uja, wong'ambikang'ambika pamutu, amene amatuluka kukuzizira.

Koma bowa wogula mbewu ali ngati mbatata yodzala ndi kholowa wa phando limodzi: munda wonse ndi thupi limodzi. Amatuluka limodzi, amakananso limodzi. Chaka china kuzizira kunachedwa, ndipo zipika zanga zinangokhala duu. Ndikukwera phiri ndi mtima woŵaŵa, ndinapeza shiitake wam'thengo atamera pa mtengo wogwa, wochepa thupi, wamwendo wautali, osasamala kuti kukutentha. Ndinam'tembenuza kaye kuyang'ana tsinde, poti kuli bowa wa tsukiyotake, wakupha m'mimba, amene amafanana naye ndipo amaŵala usiku.

Wam'thengo amabadwa fumbi la mbewu ziŵiri likakumana, choncho aliyense ali ndi chibadwa chake, monga ana a mimba imodzi. Wina amapirira kutentha, wina amafulumira kudya mtengo, wina fungo lake n'lamphamvu koma ndi wonyansa moti kumsika angakuseke naye. Akatswiri oyeza chibadwa anapeza kuti mitundu yolimidwa ndi yapachibale kwambiri poyerekeza ndi yam'nkhalango za Japan ndi China, ndiye obereketsa mitundu yatsopano amabwererabe kuthengo.

N'chifukwa chake kuseri kwa nyumba ndimasiyako zipika zisanu zotematema ndi chikwanje, zopanda kachikhomo. Mkazi wanga amati ndikutaya nkhuni. Chimodzi chinabereka chaka chatha, bowa atatu, osafanana ngakhale pang'ono ndi a m'munda.