Thovu la pa Nthambi ku Mfuwe

Alendo amabwera ku Mfuwe kudzaona njovu ndi mikango ya ku South Luangwa. Ine ndinafikako mu December, mvula itayamba, ndipo cimene cinandiimitsa panjira cinali thovu loyera ngati la sopo, lolendewera ku nthambi pamwamba pa thamanda.

Thovulo ndi cisa ca cule wotuwa wa m'mitengo. Usiku wamkazi amatulutsa madzi onanda nawapuntha ndi miyendo yam'mbuyo, amuna angapo ali pambali pake, kufikira atasanduka thovu. M'menemo amaikira mazira mazanamazana. Kunja kumauma ndi dzuwa, koma mkati mumakhala cinyontho, ndipo pakapita masiku 5 kapena 6 ambululu amagwera m'madzi.

Nanga bwanji osaikira m'madzi momwemo? Cifukwa madzi ali ndi eni ake. Nsomba zimameza mazira, ana a tombolombo amagwira ambululu. Ndiye cifukwa cake acule ambiri amathawa mtsinje wa Luangwa nasankha mathamanda a mvula kumene nsomba sizinafike. Komatu kumeneko mdani ndi dzuwa: mbululu ikacedwa kumera miyendo, imaumira m'matope.

Ngakhale amene akula sapuma. Ndinakhala nthawi yaitali ndikupenyerera nanchengwa akuvundula matope ndi phazi kuti acule adzidzimuke. Finye alibe liwiro, motero amadzitukumula kuti akanike kumezeka. Kacule kena kakuda ka mizere yofiira kamayenda mosatekeseka, pakuti khungu lake lili ndi ululu, ndipo cilombo cimene cinakalawapo sicibwereza. Kunena zoona, kameneka ndiko kanandisangalatsa kuposa mkango wogona pamthunzi.

Mwa mazira onse aja, ocepa okha amafika pa ukulu. Otsalawo sapita pacabe: ndiwo cakudya ca njoka, ng'azi ndi mbalame, pamene opulumuka amatha tizilombo tambirimbiri usiku uliwonse.

Pobwerera ku Chipata ndinapeza mnyamata akutsuka copopera mankhwala a thonje m'thamanda la m'mbali mwa mseu. Cule amamwa madzi kudzera pa khungu, ndipo mdani ameneyu sangamuthawe pokwera mtengo kapena podzitukumula. Pamwamba pa mutu wa mnyamatayo panali zisa zitatu za thovu, zoyera mbee, zikudikira tsiku lacisanu.