Ku Cape Town akuti ndiulule chinsinsi, ku Kauma akuti ndikayezetse

Nkhaniyi ndakhala nayo pakhosi kuyambira Lachisanu, yakana kutsika. Ndiye mundipirire azimayi anzanga, italikirapo.

Lachisanu masana adona anga a ku Constantia anali ndi alendo, anzawo anayi. Ndikuchotsa mbale patebulo, mmodzi anandigwira pamkono n'kundiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi ngati mbuzi ya pamsika. Akuti: "Iwe, tatiuze chinsinsi. Umadya chiyani kuti ukhale chonchi? Ndipo akuti uli ndi ana awiri?" Onse anatembenuka. Wina anati akanakhala ndi thupi langali bwenzi akuvala chilichonse chimene wafuna. Ine ndinangoti, "Nsima." Anaseka mpaka misozi, kuona ngati ndikucheza.

Usiku wake ndinaimbira amayi ku Kauma pa WhatsApp, ya vidiyo, kuti ndimve ngati alandira kangachepe kamene ndinatumiza pa Mukuru. Za ndalamazo sanazikhudze n'komwe. Anayandikitsa foni kumaso, kukhala chete, kenako: "Mwanawe, mafupa a m'khosiwo bwanji? Ukudya koma? Usandibisire, ine ndine mayi ako. Ngati chilipo, chipatala chilipo, masiku ano anthu akukhala." Wa kwathu aliyense wamva kale chimene amatanthauza. Ndinadula foni msanga, ndinati netiweki.

Ine ndinabadwa chonchi. Kusukulu ankanditchula Kansungwi. Mng'ono wanga, wobadwa pambuyo panga penipeni, tinkadya mbale imodzi, ndipo mitanda ndinkamuposa ndine, koma iye pofika Sitandade 7 anali kale ndi mbina yoti telala azionjezera nsalu. Amati make mbuu mwana mbuu, koma ine mbuu wake ndinakamutenga kuchimuna: azakhali anga onse ku Ntchisi ndi nsungwi zokhazokha, ndipo agogo anamwalira ali choncho, akulimabe. Mng'ono wangayo ndi amayi enieni. Izi ndinkazidziwa ndisanaone n'komwe sikelo ya m'bafa.

Chimene sindinkachidziwa ndi ntchito imene anthu ena amagwira kuti aoneke ngati ine. Mukagwira ntchito m'nyumba mwa munthu mumadziwa zimene anzake sadziwa, chifukwa firiji mumatsuka ndinu, bini mumataya ndinu. Ndiye mundimvere.

Adona anga amadzuka 5 koloko. Choyamba n'kukwera pasikelo, alibe chovala, asanamwe ngakhale madzi, n'kulemba nambalayo mufoni. Nambala ikakwera ndi theka la kilo, tsiku limenelo ine ndimayenda monyang'ama m'nyumba. Kukhitchini kuli kasikelo kena kakang'ono ngati ka ogulitsa golide, koyezera nyama ya nkhuku, ya pachidali yokha, yopanda khungu. Khungulo ndimanyamula ine. Dzira amadya choyera chokha. Chakudya sichilowa mkamwa mpaka 12 koloko masana, akuti akusala. Tsiku loyamba ndinawapatsa ulemu, ndimvekere mayiwa ndi opemphera. Kwathu munthu akati akusala ndiye kuti ali ndi chimene akupempha kwa Mulungu, mwina akwera phiri. Awa akupempha chiuno.

Ndiye pali Banting. Kuno munthu aliyense wa m'mayadi anaimvapo. Anaitchukitsa ndi Tim Noakes, amene panthawiyo anali pulofesa ku University of Cape Town, ndi buku limene linatuluka mu 2013, The Real Meal Revolution, ndipo kukhitchini kwa adona lilipo, lathimbirira ndi mafuta. Lamulo lake: nyama idyani, mafuta idyani, batala pakani, koma buledi, mpunga, mbatatesi, shuga ndi chimanga musayandikire. Kutanthauza kuti nsima imene yalera mtundu wonse wa Amalawi ndiyo mfiti yaikulu. M'malo mwa mpunga ndimapala kolifulawa, kabichi woyera uja, mpaka akhale timibulu, n'kukazinga, iwo n'kumautchula mpunga. Ndinalawapo. Abale, amene uja si mpunga, ndi chisoni.

Pamkono amavala wotchi yowerenga mapazi. Isanakwane 10,000 sagona. Ndinawapezapo usiku wina, pamene ndinagona konko kusunga ana, akuzungulira tebulo la kukhitchini mumdima ngati munthu wotaya singano. Kujimu amalipira pamwezi ndalama yoposa fizi ya mwana wanga wamkulu ya teremu yonse, kuti akayende pamakina osapita kulikonse. Loweruka m'mawa amakwera galimoto kupita ku parkrun, kukayenda makilomita 5, n'kukweranso galimoto kubwerera.

Zonsezo sizinandipweteke, ndi thupi lawo, ndi ndalama zawo. Chimene chinandibaya Lachisanu lija n'chakuti mnzawo wina wojintcha pang'ono, amene ankangotosa saladi mwamanyazi, atawafunsa kuti nanga inu mumatani, adona anayankha kuti: "Aa, ine ndimadya chilichonse, ndi mwayi chabe." Ine nditaima pomwepo ndi thireyi, zala zikununkhabe kolifulawa! Mayi uja anangozyolika. Apita kwawo akudziimba mlandu, kuona ngati anzake Mulungu anawakondera.

Lachiwiri ndi Lachinayi ndimagwira kunyumba ina ku Camps Bay. Kumeneko kulibe kasikelo, kulibe buku. Kuli kacholembera kabuluu m'chitseko cha firiji, pafupi ndi batala. Ndinkayesa cholembera ndithu mpaka tsiku limene ndinaona singano zake mubini. Ndi Ozempic, mankhwala amene anapangidwira matenda a shuga, obaya kamodzi pamlungu, amene amapha chilakolako cha chakudya. Mayiwo shuga alibe. Mbale imabwerera kukhitchini ngati yadyedwa ndi mbalame, ndipo m'miyezi yochepa madiresi onse anapita kwa telala kukabweza. Anzawo amawauza kuti ndi yoga. Ndinaima pafirijipo ndikuganiza za atsikana a kwathu amene amasakasaka Apetamin ndi timapiritsi tina tosadziwika bwino, oti amwe adye kwambiri, atuluke mahipi asanafike pachinkhoswe. Awa akubaya kuti njala ichoke, awo akumwa kuti njala ibwere, ndipo onse akubisa.

Koma woonda weniweni wachibadwa ndinamupezanso konkuno. Apongozi awo a adona a ku Constantia, gogo wa zaka za m'ma 80, amakhala m'kanyumba ka kuseri. Gogo ameneyu m'mawa ndi tositi yopaka batala ndi jamu mpaka kudontha, 10 koloko tiyi ndi ma rusk, madzulo chokoleti ndi kagalasi ka vinyo, ndipo ndi wowonda ngati bango. Pakhoma pali chithunzi cha mayi ake, chakuda ndi choyera, bango lomwelo. Timagwirizana kwambiri, mwina chifukwa m'nyumba monsemo ndife awiri tokha amene timadya osawerengera. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kuti: "Ine ndi iwe ndi ma genes." Ine ndinamva kuti majini. Ndinatsala pang'ono kugwetsa kapu, ndimvekere gogoyu akundinena kuti ndili ndi ziwanda? Mdzukulu wawo, amene akuphunzira udokotala, ndiye anandimasulira akuseka kuti akunena za kumtundu, zimene munthu amatengera m'magazi. Anandiuza za kafukufuku wa ku Cambridge wa mu 2019, wotsogozedwa ndi Sadaf Farooqi, amene anayeza anthu oposa 1,600 oonda koma athanzi, n'kupeza kuti atatu mwa anayi alionse ali ndi achibale oonda chomwecho. Ndinati zimenezo azakhali anga a ku Ntchisi akanawauza ulere.

Komabe magazi okha sangamalize nkhani, ndikanama. Tinabwera atatu mu 2019, basi imodzi, kudzera pa Dedza, Tete, mpaka Beitbridge, tonse a mafupa ooneka. Lero anzanga awiriwo zitenje zimene anabwera nazo sizikumananso. Muzimva "ku Cape Town akazi ndi oonda", amenewo ndi a m'mphepete mwa nyanja ku Sea Point, othamanga ndi tiagalu. Bwerani kuno ku Imizamo Yethu ku Hout Bay kumene timagona ife, mudzaone. M'mawa ndi amagwinya, mandasi akuluakulu ngati chibakera, oika poloni mkati. Nkhuku ya m'mapaketi yozizira ija ndiyo ndiwo yotchipa, masamba ndiwo odula, ndipo bonongwe kapena chisoso chomera chokha kuseri kwa bafa kulibe. Chakumwa cha malita awiri chimakhala patebulo ngati madzi. Boma la kuno mpaka linaika msonkho pa zakumwa za shuga mu 2018. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2016 anapeza kuti amayi 68 pa 100 alionse a mu South Africa ndi onenepa kupitirira muyezo. Kwathu wa mu 2015 ndi 2016 anapeza 21 pa 100, koma m'matauni nambalayo inali kale pa 36. Ndiye tisamaloze chala kwambiri, chiwaya cha tchipisi chili pakona iliyonse ku Kauma.

Chimene chinawasintha anzangawo si chakudya chokha. Ndi miyendo. Amayi anga anagwira ntchito ku Area 12 zaka zambiri, wapansi kupita, wapansi kubwera, kufika n'kusenza ndowa kuchokera pakiyosiki, ndipo palibe anawauzapo kuti akuchita masewera olimbitsa thupi. Kuno ndi takisi pakhomo, takisi pageti la abwana, makina ochapira, makina otsukira mbale. Mu Ogasiti 2023, matakisi atanyanyala sabata yathunthu, ndinayenda wapansi kukwera Constantia Nek m'mawa kuli chisanu, maola awiri, chifukwa tsiku losagwira ntchito ndi tsiku lopanda malipiro. Nditafika adona anati: "Ndiye chifukwa chake uli fiti!" Ndinangolowa kukavala yunifolomu. Ndikanayankha bwenzi pano ndili pa ulova.

Pali kuonda kwina kumene patebulo lija sakukudziwa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amayi anandiuza kuti mafuta ophikira ayamba kugula a m'timapepala toyezera ndi supuni, ndipo oyandikana nawo ena akudya kamodzi patsiku. Amenewo sali pa dayeti. Palinso kuonda kwa maganizo. Bambo a ana anga atapeza wina ku Joburg n'kusiya kutumiza ngakhale ya sopo, ndinatsika mpaka siketi inkazungulira yokha m'chiuno. Mapepala anga anali atatha, ndikaona galimoto ya apolisi mtima m'mwamba, lendi ya kachisakasa ikudikira, mwana wamng'ono akundifunsa pafoni kuti "Amama, mubwera liti?" Malipiro otsikitsitsa amene boma linaikira wantchito wa m'nyumba mu Malichi 2025 anali R28.79 pa ola, ndipo muwerenge nokha kuti ikafika ku Kauma imakhala yatsala zingati. Nthawi ya maganizo ija ndi imene anthu a kuno ankandiyamikira kwambiri kuti ndikuoneka bwino.

Disembala wapitayu ndinapita kumudzi. Mukudziwa mmene zimakhalira, wochokera ku Joni amayenera atsike basi atasalala, masaya akugwedera, kuti anthu aone kuti kunjako kukuyenda. Ine ndinatsika Kansungwi yemwe uja, ndi zikwama zokha zonenepa. Kutchalitchi amayi a chigwirizano anandipatsa moni wa manja awiri, wachisoni uja, ngati wa pamaliro. Wina ndinamumva ndi makutu angawa: "Joni yake iti imeneyi?" Sindiwada. Anthu amenewa anaika m'manda abale ambiri zaka zija za kaliwondewonde, ma ARV aulere asanayambe mu 2004, ndipo diso lawo likaona fupa limakumbuka maliro. Koma zimawawa. Ndinapita kukayezetsa, ndinabwera ndi kapepala n'kuwapatsa amayi m'manja. Anakayang'ana, anakapinda, n'kukaika m'Baibulo, kenako akuti: "Ndiye uzidya."

Pamene mng'ono wanga, amene chiyambireni jakisoni wolera anawonjezeranso thupi, aliyense amamuti "mayi wa mayi, akukusunga bwino bambowo." Miyendo ikumutupa, akumwa mankhwala a BP ali ndi zaka 31, ndipo kuchipatala anamuuza kuti achepetse thupi. Anandinong'oneza kuti akuopa, akaonda anthu ayamba kunena. Ndinasowa chomuuza. Ndimuuze za kolifulawa?

Ngakhale zili choncho, mukandifunsa kumene ndingakonde kuti mwana wanga wamkazi akulire, ndi kwathu. Kwathu amakunena, koma akakunena amakupakulira. Sindinaonepo mayi wa ku Kauma akuyang'ana mtanda wa nsima ngati mdani, kapena kamtsikana ka zaka 12 kakutsina mimba yake pagalasi ngati mmene ndinaonera mwana wa adona. Amayi atumiza kale katundu ndi dalaivala wa basi: ufa woyera, nsinjiro, usipa wouma, ndi chiponde m'botolo limene analemba pachivindikiro kuti supuni ziwiri m'phala tsiku lililonse. Ndidya zonse, ndipo sikelo siisuntha, ndikudziwa.

Lolemba adona anandipatsa pepala ndi cholembera. Akuti mnzawo wondigwira pamkono uja walimbikira, akufuna ndimulembere zimene ndimadya tsiku lonse, osasiya kanthu. Ndinalemba. M'mawa tiyi wa masupuni atatu a shuga ndi buledi magawo anayi. Masana zotsala za ana awo, kuphatikizapo khungu la nkhuku lija. Madzulo nsima mitanda itatu, ikakhala ndi nyemba inayi. Anawerenga kawiri, n'kundiyang'ana, n'kupinda pepalalo.

"Izi sindingamupatse," anatero.